Kuwerenga Zosaoneka ndi Maso: Mbiri ya Mole

Wogulitsa chimanga pamsika wa Liwonde sawerenga njere imodziimodzi. Amayeza pandowa kapena pasikelo, wogula n'kukhutira. Akatswiri a chemistry anatenga zaka zoposa 100 kuti afike panzeru yomweyi, chifukwa maatomu ndi aang'ono koti palibe angawawerenge pamanja. Mu 1811, Amedeo Avogadro wa ku Italy ananena kuti mipweya yosiyana ikadzaza malo ofanana, pa kutentha ndi kupanikizika kofanana, imakhala ndi tizidutswa tochuluka mofanana. Ambiri sanamumvere mpaka Stanislao Cannizzaro atafotokoza bwino mfundoyi pamsonkhano wa ku Karlsruhe mu 1860. Kenaka Wilhelm Ostwald anayambitsa dzina loti mole, ndipo mu 1909 Jean Perrin, atayeza kuchuluka kwa tizidutswato mu mole imodzi, anatcha nambalayo dzina la Avogadro. Mu 1971 maiko anagwirizana kuti mole ndi kuchuluka kwa maatomu opezeka m'magalamu 12 a carbon-12, ndipo kuyambira pa 20 Meyi 2019 nambalayi inakhazikitsidwa kukhala 6.02214076 × 10²³ ndendende.

Mbiriyi ikusonyeza kuti mole ndi mlatho pakati pa kuwerenga ndi kuyeza kulemera. Ukadziwa chiwerengero cha tizidutswa, ugawe ndi nambala ya Avogadro, wapeza ma mole. Mamolekyulu a madzi 1.2044 × 10²⁴ ndi ma mole awiri, omwe amalemera magalamu 36, madzi osadzaza n'kapu yomwe. Ndiye mtsinje wa Shire umadutsitsa angati pa Kamuzu Barrage tsiku limodzi?

Ena amati wophunzira wokonzekera MSCE amaloweza nambalayi kuti akhoze mayeso basi, ndipo mlimi wa ku Balaka kapena Machinga alibe nayo ntchito. N'zoona kuti mlimi sapita nayo kumunda, komatu ili pathumba la feteleza limene wasenza. Mole imodzi ya urea imalemera magalamu 60, ndipo 28 mwa iwo ndi nayitirojeni. Apa ndi pamene pachokera 46 peresenti yolembedwa pathumbapo, kutanthauza kuti m'makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a chakudya chenicheni chobiriwitsa chimanga. Choncho mphunzitsi ayambire pasikelo ndi pathumba, nambala ibwere pambuyo. Mwana amene wamvetsa masamu awa angathe kuuza makolo ake chimene ndalama zawo zagula.