Funso Lomwe Nthumwi za ku Philadelphia Zinasiya

Pa tchuthi cha nyengo yotentha, mayunivesite ena ku America amasonkhanitsa ophunzira ndi aphunzitsi kwa masabata angapo kuti awerengere limodzi zikalata zomwe zinakhazikitsa dzikolo. Funso lomwe limautsa mtsutso kwambiri ndi lakale: malamulo akati "anthu", akunena yani?

Mu 1776 madera 13 anadzipatula ku ulamuliro wa Britain. Thomas Jefferson, yemwe analemba chikalata cholengeza ufuluwo, anati anthu onse ndi ofanana chibadwire, chikhalirecho iye mwini anali ndi akapolo. Boma loyamba, la mu 1781, linali lopanda mano moti ngakhale msonkho silinkatha kutolera.

N'chifukwa chake mu May 1787 nthumwi zinakumana ku Philadelphia, George Washington ali wapampando. Zonse pamodzi zinalipo 55, ndipo zokambirana zinali zachinsinsi. Madera akuluakulu monga Virginia ankafuna mipando ya kunyumba ya malamulo igawidwe potengera kuchuluka kwa anthu, pomwe ang'onoang'ono monga New Jersey ankafuna kuti dera lililonse likhale ndi mawu ofanana. Anamvana zokhala ndi nyumba ziwiri. Koma powerenga anthuwo, akapolo nawo awerengedwe? Anagwirizana kuti pa akapolo asanu alionse awerengepo atatu. Pa 17 September nthumwi 39 zinasaina malamulo atsopano oyendetsera dziko.

Kuti madera avomereze, Alexander Hamilton, James Madison ndi John Jay analemba nkhani 85 zotchedwa The Federalist. Otsutsa anaumirira kuti ufulu wa munthu ulembedwe poyera, ndipo mu 1791 panawonjezedwa mfundo 10 zoteteza, mwa zina, kulankhula ndi kupembedza. Mu 1803 khoti lalikulu, pansi pa John Marshall, linagamula kuti lili ndi mphamvu yokana lamulo losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Mphamvu imeneyi sinatumikire onse. Mu 1857, pa mlandu wa Dred Scott, khoti lomwelo linati munthu wakuda sangakhale nzika. Zinatengera nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 kuti chigamulochi chigwe. Ukapolo unathetsedwa mu 1865, unzika wa obadwira m'dzikomo unatsimikizidwa mu 1868, ndipo mu 1870 kunaletsedwa kumana munthu voti chifukwa cha khungu. Amayi anadikira mpaka 1920. Tsankho la m'sukulu za boma linakanidwa ndi khoti mu 1954.

Lero malamulowa asinthidwa ka 27, ndipo akatswiri agawanika. Ena amati mawu amasuliridwe monga ankamvekera nthawi yomwe ankalembedwa, ena amati tanthauzo lake limakula ndi mibadwo. Ophunzira a pa tchuthi aja amatsutsana pa zomwezi, ndipo pakati pawo pali amayi ndi zidzukulu za akapolo, anthu omwe mu 1787 analibe mpando m'chipinda chija.