Ukachenjede

Muzu wa mawuwa ndi kuchenjera, koma si kuchenjera kwa kalulu wa m'nthano ayi. Kachenjede ndi munthu wozama pa maphunziro. Choncho sukulu ya ukachenjede ndi yunivesite, monga ya Malawi yomwe idatsegulidwa mu 1965, mwini wake wa chinyumba chotchuka chija cha Great Hall ku Zomba.

Ena amalitanula dzinali mpaka likwanire koleji ya zankhalango ya ku Chongoni ndi ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke, m'boma la Dedza. Kunena mosapsatira, amenewa ndi makoleji basi. Mwana wa ku Dedza wofuna digiri pafupi atsikire m'boma la Lilongwe: kuli yunivesite ya Nkhoma, kulinso ya LUANAR patsinde pa phiri la Bunda.