Nyerere m'machubu ndi m'miphika ya mbande: chimene chimazikoka ndi njira zozichotsera

M'maboma a Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete, alimi ambiri amafesa mbande m'machubu a pulasitiki, m'zitini, m'zidebe zobooka ndi m'miphika yakale. Ku Tsangano ndi ku Ntengo-wa-Mbalame, kumene kumazizira, amalera mitengo ya zipatso monga mapichesi ndi mapeyala. Ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo alimi a fodya amalera mitengo yodzapezako milimo ya zigafa ndi nkhuni. Mbandezi zimakhala ku nazale m'miyezi yotentha ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala podikira mvula, ndipo nthawi imeneyi ndi imene nyerere zimakonda kumanga m'machubu.

Chimene chimakoka nyerere

Nyerere zambiri sizidya mizu ya mbande. Zimalowa m'chubu pofuna malo ouma oikiramo mazira, komanso chakudya. Dothi likamathiriridwa pamwamba pokha, pansi pake pamakhala pouma ndi pofunda, ndipo nyerere zimalowera pa zibowo zotulukira madzi n'kumanga.

Chakudya chake chimachokera ku tizilombo toyamwa madzi a m'mbewu, monga nsabwe za m'masamba ndi kodikodi, tizilombo toyera ngati ufa timene alimi a chinangwa amatidziwa bwino. Tizilomboti timatulutsa timadzi totsekemera timene nyerere zimamwa. Pachifukwa ichi nyerere zimatiweta ngati ng'ombe. Zimathamangitsa adani ake, ndipo zina zimatinyamula kupita nato ku mbande ina kapena ku mizu. Mtundu wina wodziwika ndi khalidwe limeneli ndi wa tinyerere tofiirira timene asilikali ake ali ndi mitu ikuluikulu, timene akatswiri amatitcha Pheidole megacephala.

Choncho nyerere zikachuluka pa mbande, mlimi ayang'ane kunsi kwa masamba ndi ku nsonga. Masamba opotana, omata, kapena okutidwa ndi zakuda ngati mwaye ndi chizindikiro chakuti tizilombo toyamwa tilipo.

Kuipa kwake

Nyerere zikakumba njira zake m'chubu, dothi limachoka ku mizu ndipo madzi amangodutsa osanyowetsa. Mbande imafota ngakhale ikuthiriridwa tsiku ndi tsiku. Mitundu ina imatuta njere zing'onozing'ono zongofesedwa kumene, monga za fodya ndi za bulugamu. Nsabwe nazo zimafalitsa matenda a mavairasi ku tomato, tsabola, fodya ndi mbatata ya kachewere. Mbande yofooka chonchi ikaokeredwa kumunda imachedwa kugwira, mwinanso kufa, ndipo mlimi amataya chaka chathunthu.

Kusiyanitsa ndi chiswe ndi linthumbu

Nyerere ili ndi chiuno chopyapyala ndipo imayenda poyera. Chiswe n'choyererako, chofewa, chimayenda m'tinjira tomata ndi dothi, ndipo chimadyadi mizu ndi tsinde. Linthumbu silimanga m'miphika. Limangodutsa posaka chakudya, ndipo limadya mbozi ndi chiswe. Ngakhale nyerere wamba zimathandiza kumunda pogwira tizilombo tina, motero cholinga ndi kuzichotsa m'chubu basi, osati kuzimaliza pamudzi ponse.

Njira zozichotsera

Kumiza m'madzi. Chubu kapena mphika uikidwe m'beseni kapena m'ndowa, madzi afike pamwamba pa dothi, ukhalemo mphindi 20 mpaka 30. Nyerere zimatuluka zitanyamula tinthu toyera, timene ndi mazira ndi ana ake. Pambuyo pake chubu chiikidwe pamalo poti madzi akhe. Mbande isagone m'madzi usiku wonse chifukwa mizu imafuna mpweya ndipo ikhoza kuola.

Kusintha dothi. Nyerere zikabwereranso, ndiye kuti manthu, amene amaikira mazira, adakali momwemo. Kupha nyerere zoyenda pamwamba sikuthetsa vuto manthu akadali moyo, ndipo mitundu ina imakhala ndi amanthu angapo. Mbande ichotsedwe mosamala madzulo, mizu itsukidwe ndi madzi, ndipo ibzalidwe m'dothi latsopano losakaniza ndi manyowa oolerana bwino. Dothi lakale liyalidwe padzuwa kutali ndi nazale, kumene nkhuku zingathe kutola nyererezo. Mbandeyo ikhale pamthunzi masiku angapo.

Kuthana ndi nsabwe ndi kodikodi. Supuni imodzi yaikulu ya sopo wamtanda wopala isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi. Madziwo awazidwe kunsi kwa masamba madzulo kapena m'mamawa, ndipo abwerezedwe pakatha masiku 5 mpaka 7. Sopo waufa wochapira zovala amatentha masamba. Ndi bwino kuyesa kaye pa mbande ziwiri kapena zitatu. Madzi onyikamo masamba osinja a nimu kapena a ombwe amathandizanso, koma a ombwe asatayidwe mumtsinje kapena padziwe chifukwa amapha nsomba.

Kutseka njira. Machubu akhale pathandala, ndipo miyendo ya thandalalo iimikidwe m'zitini za madzi. Madziwo azisinthidwa pakatha masiku atatu kapena anayi kuti udzudzu usaswanemo. Udzu kapena nthambi yokhudza thandala ichotsedwe, chifukwa nyerere zimaolokerapo. Phulusa louma lowazidwa mozungulira limazitchinga, koma likanyowa mphamvu imatha. Lisathiridwe lambiri m'chubu momwemo, poti limatentha mbande zanthete.

Zoyenera kupewa

Madzi owira, palafini, dizilo ndi oilo wakutha zimapha mbande pamodzi ndi nyerere. Madzi onyikamo fodya ali ndi poizoni woopsa kwa anthu, ndipo akhoza kupatsira tomato ndi tsabola matenda a vairasi ochokera ku fodya. Mankhwala osungira chimanga m'nkhokwe, a thonje kapena a fodya asathiridwe pa ndiwo zamasamba. Mankhwala ogulitsidwa m'misika ya m'malire m'timabotolo topanda chizindikiro ndi oopsa, chifukwa palibe amene angadziwe mtundu wake ngakhale mlingo wake. Amene akufuna mankhwala ogula ayambe wafunsa alangizi a zaulimi a ku ofesi ya SDAE ya boma lawo.

Kupewa

Kuthirira mokwanira mpaka madzi atulukire pansi pa chubu ndi chitetezo choyamba, chifukwa nyerere sizikhazikika m'dothi lonyowa mpaka pansi. Machubu azisunthidwa pakatha milungu iwiri iliyonse. Kutero kumaonetsa msanga pamene nyerere zayamba kumanga, komanso kumaletsa mizu kulowa pansi. Zotsala za nsima, makoko a mango ndi zitsotso za nzimbe zisatayidwe pafupi ndi nazale. Mbande zogula kumsika kapena zochokera kutsidya kwa malire, ku Ntcheu ndi ku Dedza, ziyang'anidwe kunsi kwa masamba ndi pansi pa chubu, ndipo zikhale pazokha sabata imodzi zisanasakanizidwe ndi zinzake.