Mzibambo wa diresi pa siteji ya ku Doha, ndi mganda wa kwa agogo

Lero ndili ndekha pa maikolofoni, ndiye mundipirire. Ndalemba zoti ndiwerenge, koma mukundidziwa kale, ndimapatuka.

Ndinali ndi zaka 9 pamene makolo anga ananditengera ku panto koyamba kuno ku Doha. Kwa amene simunaionepo, panto ndi sewero la Angerezi la nyengo ya Khirisimasi: nthano ya ana, nyimbo zodziwika, nthabwala zina zoti akuluakulu okha ndiwo azimve, ndipo pakati pa zonsezo mzibambo wovala diresi ndi wigi, milomo ili psuu, akusewera ngati mayi. Ana timakuwa kuti chigawenga chili kumbuyo kwake, iye n'kumanamizira kuti sakuona. Ine ndinasangalala ngati mwana aliyense. Koma chimene chinanditsalira m'mutu ndi bambo. Atatulukira anthu ovala ngati asilikali, akuguba mopotoka dala, bambo anaseka mpaka misozi, kenako n'kunong'oneza amayi kuti, "Amake mwana, uwutu ndi mganda weniweni."

Zinanditengera zaka kuti ndizindikire kuti sankangocheza.

Tiyambe ku London. Masewero a nyimbo ndi nthabwala a Angerezi anakhwima ndi anthu awiri, W. S. Gilbert wolemba mawu ndi Arthur Sullivan wopeka nyimbo. Mu 1878 anatulutsa H.M.S. Pinafore, mmene muli nduna yoyang'anira sitima zonse zankhondo za Britain koma panyanja sinapitepo, inakwera chifukwa chovomera zilizonse za chipani. Oonerera ankadziwa amene akunenedwa: nduna yeniyeni ya nthawiyo inali W. H. Smith, wa bizinesi yogulitsa nyuzipepala ndi mabuku. Tangoganizani, dziko lolamulira nyanja zonse likulipira tikiti kuti likaseke yunifolomu yake. Ndalama zinabwera zambiri moti mu 1881 anamanga Savoy Theatre, nyumba yoyamba ya anthu onse kuunikiridwa ndi magetsi paliponse.

M'ma 1890 George Edwardes wa ku Gaiety Theatre anapeputsa zinthu. Ndale zinachepa, mafashoni ndi atsikana ovina n'kuchuluka. The Shop Girl ya 1894 ndi chitsanzo chake: mtsikana wa m'sitolo, mnyamata wa kubanja lolemekezeka, ukwati kumapeto. Basi. Dzina loti musical comedy linakhazikika nthawi imeneyo.

Koma sewero limene ndakhala nalo nthawi yaitali ndi Chu Chin Chow la Oscar Asche, limene linatsegulidwa mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Nkhani yake anaitenga ku nthano ya Ali Baba ndi mbava 40, n'kuiika ku Baghdad wa m'maloto a Mngerezi: misika ya akapolo, akazi ovala zochepa, ngamila yamoyo ikuyenda pa siteji. Linaonetsedwa ka 2,238, pafupifupi zaka zisanu, ndipo panapita zaka pafupifupi 40 lisanapitiridwe ndi lina. Amene ankadzaza mipando kwambiri anali asilikali obwera ku tchuthi kuchokera ku France. Ine ndakulira pakati pa Aluya enieni, anzanga a kusukulu, oyandikana nawo nyumba, ndiye nditaonera filimu yake ya 1934 pa intaneti ndinachita manyazi m'malo mwa anthu oti anafa kalekale. Komabe sindinama, nyimbo zake n'zokoma. Vuto lake lili pamenepo, munthu umazing'ung'udza usanafunse kuti akusekedwa ndani.

Za makanema ndidutsa mwachangu. Mafilimu olankhula atabwera, anthu ngati Gracie Fields ndi George Formby, uja wa kagitala kakang'ono, anasamutsira nthabwala za m'maholo pa sikirini m'ma 1930. Mu 1968 filimu ya Oliver! inatuluka n'kupata ma Oscar 6.

Nanga zinafika bwanji kuno? Mafuta. Qatar inali pansi pa chitetezo cha Britain kuyambira 1916 mpaka 1971, monga mmene Nyasaland inalili kuyambira 1891 mpaka 1964. Mafuta a ku Dukhan anayamba kutumizidwa kunja mu 1949, Angerezi ogwira ntchito n'kuchuluka, ndipo mu 1954 anayambitsa gulu la Doha Players. Sanali akatswiri a zisudzo ayi, anali anthu a ntchito zawo masana, madzulo n'kumaloweza mawu ndi kusoka zovala. Doha wa nthawi imeneyo anali tauni yaing'ono, yopanda nsanjika tikuzionazi. Gululo lilipo mpaka lero, ndipo pano osewera ndi ochokera m'mayiko ambirimbiri.

Pa 19 Marichi 2005, gululi likusewera Twelfth Night ya Shakespeare, sewero la nthabwala ndi nyimbo mmene mtsikana amadzibisa ngati mwamuna, munthu wina anaphulitsa galimoto yodzaza mabomba panja pa nyumba yawo ya zisudzo. Anafa ndi Jonathan Adams, Mngerezi amene ankatsogolera seweroli, ndipo anthu 12 anavulala. Wophulitsayo anali wa ku Egypt, wogwira ntchito ya makompyuta ngati yangayi, ndipo mfundo imeneyi imandisowetsabe mtendere. Ine ndinali wamng'ono. Amayi amati kwa nthawi ndithu sankafuna kumva za malo alionse odzaza azungu, ndipo panto imene ndakamba ija tinapita atakangana kaye ndi bambo sabata yathunthu. Bambo anapambana ponena kuti mwana asakule akuopa holo.

Tsopano tibwerere ku mganda uja. Zaka zomwezo zimene asilikali a ku London ankaseka ngamila pa siteji, amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 ankasenza katundu wa nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani kum'mawa kwa Africa, aja ankatchedwa amtengatenga, ena n'kumenya nkhondo mu King's African Rifles. Ambiri sanabwerere. Amene anabwerera anabwera ndi gule amene anayambira kugombe la Aswahili m'ma 1890, wotchedwa beni, dzina lochokera ku bandi ya asilikali. Kwa Ayao anakhalabe beni, ku Nkhata Bay ndi kunyanja anasanduka malipenga, kwathu m'chigawo chapakati mganda. Malipenga achitsulo kunalibe, ndiye anatenga zipanda, n'kumata pakabowo kansalu koyera kamene kangaude amaikiramo mazira, kuti mawu azinjenjemera. Kabudula woyera, masokosi ofika m'mawondo, mizere yowongoka. Gulu lililonse linkatchedwa boma, lili ndi mfumu yake, kaputeni, dokotala, nesi. Eti boma lathunthu, pabwalo la fumbi.

Mwaona pamene bambo ankaloza? Uku Gilbert akuveka woimba yunifolomu ya nduna kuti anthu aseke, uku agogo athu akuvala ya sajeni. Kusiyana kwake n'kwakuti wina ankaseka boma lake, wina boma la mwini. Ndipo eni akewo sankagona nazo tulo: ogwira ntchito m'migodi ya Copperbelt atanyanyala mu 1935, akuluakulu a atsamunda anakayikira magulu a mbeni kuti ndiwo ankafalitsa uthenga.

Kapatuko kamodzi, kenako ndimaliza. Ku Britain sewero lililonse linkayenera kuvomerezedwa ndi ofesi ya Lord Chamberlain. Mu 1907 analetsa The Mikado ya Gilbert ndi Sullivan kwa kanthawi poopa kukhumudwitsa kalonga wa ku Japan amene ankabwera kudzacheza. Lamulo limenelo analithetsa mu 1968. Chaka chomwecho cha 1968, Malawi wa Kamuzu anakhazikitsa lamulo lake lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo zisanafike kwa anthu. Nditaona madeti awiriwo ndinabwereza kuwerenga, ndimayesa ndalakwitsa.

Akatswiri a mbiri, monga Terence Ranger amene analemba buku la beni mu 1975, anavutika ndi funso loti ovinawo ankanyoza azungu kapena ankawasirira. Chaka chatha tili kumudzi ku Ntchisi ndinajambula mganda pa foni, ndipo usiku wake ndinawafunsa bambo funso lomwelo. Anakhala chete pang'ono. Kenako anati, "Agogo ako ankasita kabudula wawo ndi ayironi ya makala mpaka tambala woyamba, wina asamukhudze. Koma ndinawaonanso ndi maso angawa akutsanzira kayendedwe ka bwana DC, mimba patsogolo, amayi mudzi wonse akugubuduzika ndi phwete. Iwe lemba zonse ziwiri."

Vidiyo ija ndaiika pansi pa gawo lino. Muone bambo wachitatu kuchokera kumanzere, wa magalasi opanda galasi, ameneyo ndiye dokotala wa boma lawo. Tionana sabata yamawa.