A Giddes Chalamanda: Nyimbo Iyenda, Mwiniwake Atsala

Ine kwathu ndi kwa Maseya, ku Chikwawa, kumene ulimba ndi utse ndiwo magule athu. A Giddes Chalamanda si a m'chigwa ai. Iwo anabadwira kumtunda, ku Chiradzulu, m'chaka cha 1930. Komabe dzina lawo silisoŵa pakamwa pa akuluakulu a kwathu akamakamba za oimba gitala. Nanga nyimbo zawo zinatsika bwanji mapiri mpaka kudzaoloka Shire?

Zinabwera pa wailesi. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka makumi atatu inalibe inzake m'Malaŵi muno. Inkajambula oimba a kumidzi pa matepi ake, ndipo nyimbo ikangoulutsidwa, tsiku lomwelo yamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. A Chalamanda ankapeka okha nyimbo zawo, mau achidule, gitala osachulutsa zokometsera, kotero kuti mnyamata wa banjo ya chigubu ankatha kuzitola ndi khutu. Umo ndimo anaphunzitsira anthu amene sanaŵaonepo ndi maso.

Tsono kutchuka sikudyetsa. Lamulo latsopano loteteza opeka linadza mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA, lotolera ndalama za oimba, linayamba mu 1992, mkuluyu ali ndi zaka 62. Nyimbo yawo ya Buffalo Soldier imanena za munthu wolakalaka kukaona America koma m'thumba muli gwa. Ambiri ankaivina ngati nthabwala, chonsecho inali mbiri ya woimbayo. Loto lija linapherezeka mu 2016, pamene anapita limodzi ndi Edgar ndi Davis nakaimba ku Library of Congress, mu mzinda wa Washington, ali ndi zaka 86.

Mu 2020 Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo zawo zakale. Imodzi mwa izo, Linny Hoo, yoimbira mwana wawo wamkazi, inafala pa TikTok, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022, inali itaonedwa koposa 80 miliyoni. Mwini nyimbo nthaŵi imeneyo analibe foni yoti n'kuonerapo zimenezi. Zaka zinasintha, makina anasintha, koma nkhani ndi yomwe ija ya pa wailesi: nyimbo patsogolo, malipiro m'mbuyo.

Anzanga a pa koleji pano, ife timalemba mbiri ya mafumu ndi andale, ngati kuti dziko linamangidwa ndi iwo okha. A Chalamanda anapeza oŵakumbukira akali moyo. Oimba bangwe ndi ulimba a m'chigwa chathu ambiri sanajambulidwepo n'kamodzi komwe, ndipo akamwalira nyimbo zawo zimaloŵa nawo m'manda. Patchuthi tikapita kwathu, tikaŵafunse maina, zaka ndi amene anaŵaphunzitsa, tilembe.