Buledi wa Ahmes na homuweki ya azing'ono athu

Ambili a ife tinakula na mantha a ma fraction. Aphunzitsi alemba 1/2 + 1/3 pa bolodi, ife tiwonkhetsa manambala a pamwamba paokha, a pansi paokha, tipeza 2/5, basi bolopeni yofiila yadula. Manje azing'ono athu a ku pulaimale abwela na funso lomwelo, ndipo ena afooka kale, akuti masamu ni ya azungu. Koma mbili yakale ikamba zina.

Ku Egypt, ca m'ma 1550 BC, mlembi wina dzina lake Ahmes anakopela buku la masamu pa gumbwa. Alexander Henry Rhind analigula ku Luxor mu 1858, ndipo mbali yake yaikulu ili ku British Museum ku London. Limodzi mwa mafunso ake ni ili: mitanda 9 ya buledi, amuna 10, agaŵane bwanji? Masiku amenewo anchito anali kulipidwa buledi na moŵa, conco kuphonya samu kunali kumudyela mnzako.

Yankho la m'bukulo n'lakuti aliyense alandile 2/3, 1/5 na 1/30 ya mtanda. Tiyeni tiyese. Dulani mtanda m'zidutswa 30 zolingana: 2/3 ni zidutswa 20, 1/5 ni 6, 1/30 ni cimodzi. Pamodzi ni 27 pa 30, kapena kuti 9/10. Palibe wabeledwa.

Ngakhale kamzele kolekanitsa nambala ya pamwamba na ya pansi kali na mizu kumpoto kwa Africa. Kaonekela m'zolemba za al-Hassar wa ku Morocco, m'zaka za m'ma 1100. Fibonacci wa ku Italy, amene anaphunzila masamu ku Bugia, m'dziko la Algeria lelo, anakaseŵenzetsa m'buku lake Liber Abaci mu 1202.

Cimene titengapo n'cakuti zidutswa zosalingana siziŵelengedwa pamodzi, coyamba tizilinganize. Mwana akabwela na 1/2 + 1/3, tisathamangile kumuloŵeza lamulo. Titenge banzi kapena pepala, tidule zidutswa 6 zolingana. Hafu ni zidutswa 3, gawo limodzi mwa atatu ni zidutswa 2, zonse ni 5/6. Ndiyeno timufunse: unali na hafu, wawonjezapo, nanga watsala bwanji na 2/5, yocepa kuposa hafu? Msiyeni ayang'ane zidutswazo, ayankhe yekha.