Mawu a Olinganiza za Nthaka m'Makaunti a ku Kenya

Pamene dziko la Kenya linalandira malamulo ake aakulu m'chaka cha 2010, niligawa ulamuliro m'zigawo 47 zotchedwa makaunti, zimene zinayamba ntchito chitapita chisankho cha 2013, udindo wolinganiza kagwiritsidwe ka nthaka unatsika kuchoka ku Nairobi nufika m'manja mwa abwanamkubwa ndi aphungu a m'zigawomo; ndipo popeza udindo uliwonse umadza ndi chinenero chake, kutiyenera kusinkhasinkha mawu amene anthu a ntchitoyi amalankhula, pakuti m'mawuwo ndimo mwagona tsogolo la minda, msipu ndi mitsinje.

Liwu loyamba ndilo mwini. Malamulowo amazindikira mitundu itatu ya malo: a boma, a mudzi kapena fuko, ndi a munthu payekha, ndipo mlendo wa dziko lina saloledwa lizi yopitirira zaka 99. Koma mwini, angakhale asunge chikalata chake m'bokosi, sali mfumu yopanda malire, chifukwa boma lili ndi mphamvu yonena chimene chingachitike pamalo pake ndi chimene sichingachitike. Apa ndipo pabadwira ntchito yonse ya kulinganiza.

Lachiwiri ndilo pulani, ndipo lamulo la makaunti la 2012 limasiyanitsa pulani ya chitukuko ya zaka zisanu, yonena zimene zidzamangidwe ndi ndalama zake, ndi pulani ya malo ya zaka khumi, yojambulidwa pamapu, yonena pamene zinthuzo zidzakhale. Yoyambayo imakondweretsa andale, pakuti imalonjeza. Yachiwiriyo ndiyo yolemera, pakuti imakaniza. Kaunti ya Lamu, imene inatsogola ndi pulani ya 2016 mpaka 2026, inayenera kuweruza pakati pa doko latsopano, nkhalango za m'mphepete mwa nyanja, malo a asodzi ndi mzinda wakale wa Aswahili, ndipo palibe mwa izi chimene chikanalandira zonse zimene chinafuna. Lamulo lomwelo limaletsa kupereka ndalama za boma ku ntchito yosalembedwa m'mapulani, kuti chojambulidwa chisakhale chikomekome cha mkuyu.

Kuchokera m'pulani ya malo mumatuluka mawu atatu apachibale. Kupatula malo ndiko kunena kuti kuno nkolima, uko nkomanga nyumba, kwinako nkwa mafakitale kapena nkwa nyama zakutchire. Kusintha ntchito ya malo ndicho chilolezo chimene munthu amapempha akafuna kuti munda usanduke mudzi wa nyumba, monga yachitira minda yambiri ya khofi ku Kiambu. Kuduladula malo ndiko kugawa dera lalikulu m'mapuloti, ndipo ku Kajiado, kumene msipu wa Amasai unali wa onse, mipanda ya waya yatseka njira zimene ng'ombe ndi mbidzi zinkatsata pofuna madzi m'chilimwe. Chilolezo chimodzi chimaoneka chaching'ono, komatu zikachuluka, dziko limasandulika popanda munthu amene anafuna kuti litero.

Palinso mawu akuti malo osungidwa a m'mbali mwa mtsinje, pamene munthu sayenera kumangapo. Anthu a ku Mathare, amene umphawi unawakankhira m'mphepete mwa madzi, anaona m'chigumula cha 2024 kuti madzi saiwala khwawa. Ndipo pulani yoletsa wosauka kumanga pangozi, koma osamuonetsa pena pokhala, yachita theka lokha la chilungamo.

Chifukwa chake mawu otsiriza, kufunsa anthu, ndiwo mutu wa onse. Malamulo a Kenya amalamula kuti nzika zimvedwe pulani isanavomerezedwe, ndipo mutu umodzi susenza denga; koma kufunsa koona kumatheka pokhapo pamene mlimi, mbusa ndi msodzi amva tanthauzo la kupatula ndi kuduladula m'chinenero chawo. Olinganiza aphunzitse anthu mawu amenewa mapu asanajambulidwe, kuti amene adzasenze pulaniyo akhale ndi pakamwa poikonza.